Phokoso Limene Hakimu Anasiya

"Alamu, Loweruka m'mawa ndibwera kudzatenga batirelo," anatero Lajabu ali kuseri kwa nsalu ya pakhomo.

Tahira anali pamphasa, miyendo atatambasula, msana atatsamira khoma. Pansi pa nsaluyo ankangoona zala za mlamu wakeyo zitasuzumira m'masilipasi. Chimwalirireni mwamuna wake Hakimu masiku asanu apitawo, anthu aamuna ankawadziwira kumapazi basi. Anali pa eda, ndipo akuluakulu anali atamuwerengera kale: miyezi inayi ndi masiku khumi m'nyumba ya apongozi ake ku Lirangwe, osatuluka kumpanda, osaonana maso ndi maso ndi mwamuna amene si wamagazi ake.

"Mwandimva, alamu?"

"Ndamva. Koma mukachotsa batire, laputopuyi izima."

"Ndiye izime. Mwini wake anazima kale."

Mawuwo atangotuluka, zala zija zinafunyikira m'masilipasi. Lajabu anaima pamenepo kanthawi, kenako mapazi anatembenuka n'kupita.

Laputopu imene ankakanganiranayo inali pakampando pakona. Inali yokalamba, yomangidwa ndi selotepi m'mbali, ndipo batire lake la m'kati linafa kalekale. Moyo wake wonse unali pa waya wopita ku batire lalikulu la sola, limene Hakimu anagulira mayi ake, a Fatima. Waya ameneyo akangosuntha pang'ono, basi, mdima. Ndiye sinali yoti munthu n'kuinyamula kupita nayo kwina. Inamangirirwa pakhoma lomwelo limene Tahira ankatsamira.

Hakimu ankaphunzitsa masamu pa koleji ina mu Blantyre, uku akuchita maphunziro ake apamwamba. Iye ndi Tahira ankachita lendi ku Chileka, kufupi ndi bwalo la ndege. Magetsi a kumeneko atamuzimitsira ntchito yake katatu, Loweruka lapitalo anainyamula laputopuyo kubwera nayo kwawo. Anailumikiza, anaiyatsa, nati, "Amayi, masiku asanu ndi anayi. Wina asakhudze." Anamwa tiyi, anakwera kabaza wa njinga yamoto kubwerera ku Chileka, koma sanafike. Chakudza sichiimba ng'oma. Lamlungu anamuika m'manda, chinthu chake chikulirabe m'chipinda.

Pajatu chinkalira. Usana ndi usiku munkatuluka kaphokoso, gu, gu, gu, kosalumpha, kosachedwa. Amayi obwera kudzapepesa maliro ankalowa, n'kuyamba kulira bwinobwino, kenako n'kumaponya maso pakonapo. Ena ankafunsa ngati chili ndi chilolezo cha shehe. Mmodzi anachifunditsa chitenje ngati nkhuku yodwala, Tahira n'kuchivundukula atangotuluka, poopa kuti chingatenthe.

M'nyumba monsemo, amene ankadziwa tanthauzo la kaphokosoko anali Tahira yekha, ndipo ankalidziwa chifukwa nkhani yake inayambira pa iye. Tahira anali ndi khunyu kuyambira ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Hakimu atanena kuti akufuna kumukwatira, pabanja panavuta. Amene anakweza mawu kuposa onse anali Lajabu, mkulu wake, wa golosale ya pamsika wa Lirangwe. Ananena poyera kuti akazi sanathe padziko pano, bwanji kutenga wokagwera pamoto. Hakimu sanakangane naye. Anangokwatira, ndipo chaka chotsatira anasintha mutu wa kafukufuku wake. Kuyambira pamenepo, kunyumba ya ku Lirangwe matendawo sankatchulidwa dzina. Ankangoti "vuto lija".

Tsiku lina ku Chileka, Tahira akusita malaya, Hakimu anamufotokozera.

"Mu ubongo muli timaselo tosawerengeka, ndipo kalikonse kamagunda pa nthawi yake. Ine ndapanga tanga zikwi ziwiri m'kompyutamu, tamasamu chabe, n'kutilumikiza. Uli kumva? Kalikonse kakagunda, sipika imalira. Tikamvana mopitirira, timayamba kugunda tonse limodzi, ngati achule a m'dambo akagwirizana nyimbo. Zimenezo zimafananako ndi zimene madokotala amaona munthu akagwa."

"Ndiye iwe umatani nato?"

"Ndimatisokoneza. Ndimathiramo phokoso lopanda dongosolo. Aka kakankhidwa pang'ono, ako ayi, kaja kakankhidwa kawiri, mwachisawawa. Phokoso likachepa, sitimva, timangopitiriza. Likachuluka, zonse zimabalalika, sipatsala nyimbo iliyonse. Ine ndikufuna pakatikati, pamene timasiyana mapazi koma nyimbo n'kukhalapobe."

"Ukapapeza ndichira?"

"Ayi," anatero Hakimu, osazungulira. "Wina asadzakunamize. Ndi kafunso kamodzi pa mafunso chikwi, ndipo timaselo tangati si ubongo wako. Koma kafunsoko ndi kanga."

Tahira anamukonda chifukwa cha "ayi" ameneyo. Asing'anga, alaliki ndi azakhali onse anali atamulonjeza kuchira, ndipo mmodzi yekhayu ndi amene sanamunamize.

Tsopano laputopuyo inkawonjezera phokoso lija payokha, tsiku lililonse pang'ono. Masiku atatu oyamba Tahira sanamve kusintha kulikonse. Lachitatu anamva kugunda kuja kukuyamba kumwazika m'mphepete. Pofika Lachinayi pakati pa gu ndi gu panayamba kumveka titimawu ting'onoting'ono, ngati mvula ikamayesa malata. Munthu wotsekeredwa amamva zambiri. Analibe kwina kopita, analibe china chomvera.

Masana a Lachinayi lomwelo kunabwera Enifa, mnzake wa Hakimu wa kukoleji, amene ankakhalanso ku Chileka. Anavula nsapato, anakhala pamphasa, anapepesa. Atamva kaphokoso kaja anatseka maso n'kumvetsera nthawi yaitali.

"Zayamba kumasuka," anatero. "Akanakhalapo bwenzi akuvina."

"Akufuna batire Loweruka," anatero Tahira. "Kuli sadaka ya masiku asanu ndi awiri. Akuti ndi la chimkuzamawu."

Enifa anagwira pakamwa. Anadzuka, anadina mabatani, koma pagalasi panangobwera kabokosi kofuna mawu achinsinsi. Tahira anali atayesa kale dzina lake, tsiku la ukwati, dzina la timu ya mpira imene Hakimu ankaikonda. Zonse zinakanika.

Enifa sanali pa eda, ndiye anatuluka n'kukamupeza Lajabu pakhonde akuwerenga matumba a mpunga. Tahira ankamva zonse kudzera pawindo.

"Bambo, mwaona kafulashi kamene kabayidwa m'mbali mwa laputopu ija? Ikamaliza ntchito Lolemba, ilemba zonse m'menemo yokha. Ikazima isanamalize, silemba kanthu. Ndipo ikazima sitingathe kuitsegulanso, mawu achinsinsi anapita nawo."

"Ndiye munthu wophunzira angasiye ntchito ya zaka zitatu pa waya mmodzi?"

"Ndinamuuza kangapo kuti asinthe. Ankangoti mawa."

"Ameneyo ndi iyeyo," anatero Lajabu, ndipo mawu ake anatsika pang'ono. Kenako anakweranso. "Koma mayi, kukubwera anthu ochokera ku Mdeka, ku Lunzu, mpaka ku Madziabango. Amalume a Amadi alengeza kale. Mukufuna shehe aziwerenga, a kumbuyo azingoona milomo? Anthu adzati ana a Fatima anakaniza mbale wawo duwa, mapemphero ake, chifukwa cha wailesi ya achule."

"Kulibe batire lina lobwereka?"

"Sabata ino kuli maukwati awiri ndi chinkhoswe. Pitani mukafunse nokha."

Enifa atabwerera m'chipinda kudzatsanzika, Tahira anamukoka chitenje n'kumunong'oneza.

"Asisi, mankhwala anga anatsala ku Chileka. Ali pamwamba pa kabati, m'kachitini ka tiyi. Ndinachoka ndi chitenje chokha tsiku lija."

"Masiku asanu osamwa? Bwanji osanena?"

"Ndinene kwa ndani? Muno matenda anga alibe dzina."

Enifa analandira kiyi. Lachisanu anali ndi mayeso a ana tsiku lonse, ndiye analonjeza kuti afika Loweruka ndi minibasi yoyamba.

Lachisanu amuna atachoka ku mzikiti, a Amadi anafika ndi chimkuzamawu pa wilibala. Anali mlongo wawo wa a Fatima, mwini mbumba, munthu wosazolowera kubwereza mawu. Anaima pabwalo n'kulankhula mokweza, kuti wa m'chipinda amve popanda kumulankhula iye.

"Wamoyo ndi womwalira, wofunika thandizo ndi ndani? Mwana wathu ali m'manda, akudikira duwa. Masamu sakamuthandiza kumeneko. Achemwali, inu mukuti bwanji?"

A Fatima anali pamkeka akusankha nyemba. Sanadzutse mutu.

"Anandiuza kuti wina asakhudze," anatero.

"Anakuuzani ali moyo. Pano zinthu zasintha."

A Fatima anapitiriza kusankha nyemba. Kunena zoona, mayiyo kaphokoso kaja kankawabaya mumtima. Ankadutsa pakhomo la chipindacho mothamanga ngati pali njuchi. Koma anali mawu omaliza amene mwana wawo anawauza, ndipo kutsutsa mlongo wawo pamaso pa anthu sakanatha. Ndiye anangoweramira nyemba, zabwino n'kumaziponya kumodzi ndi zofumbwa.

Madzulo dzuwa lisanalowe, mapazi a Lajabu anadutsa pakhomo. Tahira anachita chimene anali asanachitepo chikwatiwireni. Anayamba ndi iye kumuitana.

"Alamu."

Mapazi anaima.

"Zovala zake mudzagawana. Mabuku, njinga, bedi la ku Chileka, tengani zonse, sindidzatsegula pakamwa. Ine ndikupempha masiku awiri okha. Ndikudziwa kuti simunandifune pabanja pano. Ndikudziwanso kuti mumati ndinamutayitsa nthawi mng'ono wanu. Mwina n'zoona. Koma ngati zaka zitatu zimenezi zizimire pa waya uyu, ndiye kuti ndinamutayitsadi. Ndikuopa zimenezo kuposa miyezi inayi ya m'chipinda muno."

Kunja Lajabu anakhosomola.

"Alamu, ine ndine ndani pamaso pa amalume? Ndikakana, mawa ndine mwana wopanda mwambo. Ndikavomera, ndine wakupha ntchito ya mng'ono wanga. Inu mwatsekeredwa m'chipinda, ine ndatsekeredwa pabwalo."

Sanalonjeze kanthu. Anangopita.

Loweruka kunacha ndi utsi. Amayi anali atayatsa kale moto kuseri, miphika ikuluikulu ya mpunga ili pamafuwa. Tahira sanagone bwino, ndipo mutu unkamulemera. Cha m'ma sikisi anamva njinga ikuima pakhomo, kenako mawu a apongozi ake.

"Funda, mwanawe. Alamu ako akulowa."

Tahira anakokera mpango kumaso n'kutembenukira kukhoma. Lajabu analowa akuwefuka, atanyamula batire lakuda, lodzaza fumbi ndi girizi.

"Ili ndi la minibasi ya Greyson, ija inafera pa sitejiyi," anatero, akulankhula ndi mayi ake koma uthenga uli wa Tahira. "Ndi lofooka, chimkuzamawu silingachikoke ngakhale ola limodzi. Koma kalaputopuka, sola ikamathandiza masana, likhoza kufika nako Lolemba. Ndilumikiza ili kaye, kenako ndichotse lalikululo. Chisazime ngakhale kamphindi. Amalume atenge lawo, ife titsale ndi lathu."

Tahira anatchera khutu pakona, nkhope ikadali kukhoma.

Lajabu anagwada pakona. Anali munthu wa manja aakulu, ozolowera matumba a shuga, koma mawayawo ankawagwira ngati mazira. Analumikiza wakuda, n'kumanga. Analumikiza wofiira. Kenako anamasula batire lalikulu, n'kulikankhira pambali ndi bondo. Kaphokoso kaja sikanadukize. Tsiku limenelo kanali katasinthiratu. Kugunda kolemera kuja kunali kutatha, panatsala kanyimbo kopepuka, kobwera n'kumapita.

"Chakana ichi," anatero Lajabu. "Mutu wa batireli ndi wodyeka, chomangira chikuterereka. Amayi, m'chikwama cha panjinga muli sipanala yaing'ono. Ine sindingasiye, ndagwirizira ndi zala."

A Fatima anatuluka mofulumira.

Nthawi yomweyo Tahira anamva kukoma kwa chitsulo m'kamwa, ngati wayamwa khobidi. Ankachidziwa chizindikiro chimenecho. Chinkamupatsa nthawi yochepa kwambiri, yongokwanira kugona pansi. Hakimu ankamuuza nthawi zonse kuti akachimva azingogona pomwepo. Koma pomwepo panali mlamu wake, munthu amene ananena za kugwera pamoto. Manyazi ndi oipa. Tahira anaganiza kuti angathe kufika kuchipinda cha apongozi ake, masitepe asanu okha, akagwere kumeneko kopanda womuona. Anadzuka. Anaponya phazi limodzi, lachiwiri, ndipo thupi linauma ali chiimire pakati pa chipinda, kumbuyo kwake kuli ngodya ya bedi lachitsulo.

Lajabu anamva kubuula kwachilendo n'kucheuka. Anaona mlamu wake akupendekera chagada. Anayang'ana zala zake pa waya wofiira. Sanayang'anenso kachiwiri.

A Fatima pobwera ndi sipanala anapeza mwana wawo ali chogwada pakati pa chipinda, mutu wa Tahira uli m'manja mwake, chigongono chake chikutuluka magazi pamene chinamenya bedi. Thupi la Tahira linkagwedezeka. Amayi a kumiphika anathamangira pakhomo, koma palibe analowa. Ena anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno, paja amati thovu la wakhunyu ndi mpweya wake zimapatsirana. Wina anakuwa kuti abweretse supuni, amuike m'kamwa.

"Supuni ayi," anatero Lajabu, osakweza mawu. "M'kamwa musaikemo kanthu. Chokani pakhomopo, mphepo ilowe. Amayi, kankhani bedilo. Musamugwire miyendo, musiyeni."

Anavula jekete ndi dzanja limodzi, analipinda, analiika pansi pa mutu. Maso ake anali pa wotchi ya pamkono. Kugwedezeka kutachepa, anamutembenuza Tahira chammbali, mwendo wapamwamba n'kuupinda, chibwano n'kuchikweza pang'ono. Anapukuta thovu ndi mpango wake wa m'thumba, amayi a pakhomo akuonerera kukamwa kuli yasa.

Tahira anatsitsimuka pang'onopang'ono. Choyamba anamva simenti yozizira patsaya. Kenako fungo la sopo ndi palafini la jekete losakhala lake. Kenako anazindikira kuti m'chipindamo muli zii.

Anayesa kudzutsa mutu kuti aone pakona. Galasi la laputopu linali lakuda. Waya wofiira unali pansi.

"Yazima," anatero, lilime likulemera.

"Yazima, alamu."

"Ndine ndazimitsa."

"Ayi. Ndasiya ndine."

Tahira analira. Sanalire mokweza, analibe mphamvu zake. Misozi inkangotsikira pa jekete. Masiku awiri okha ndi amene anatsala, ndipo yankho limene Hakimu analifunafuna zaka zitatu linali litapita osalimva munthu. A Fatima anakhala pansi pafupi naye, sipanala ikadali m'manja.

"Mukanagwirabe," anatero Tahira. "Ndagwapo kambirimbiri. Mukanangondisiya."

Lajabu anali atatembenuka tsopano, atamufulatira monga mwa mwambo, koma sanadzuke. Analankhula akuyang'ana khoma.

"Sabata imene anakukwatirani, Hakimu anabwera kugolosale. Ine nthawi imeneyo sindinkamulankhula. Analowa, anatseka chitseko makasitomala ali panja, n'kugona pasimenti ndi malaya ake oyera a kuntchito. Akuti, 'Achimwene, ine ndine Tahira, ndagwa. Chitanipo kanthu.' Ndinamutukwana. Iye osadzuka. Anagona pamenepo mpaka ndinagwada. Anandibwerezetsa katatu, kutembenuza, kupinda mwendo, kuyang'ana wotchi. Kachitatuko anandipatsa thireyi ya mazira kuti ndinyamule, iye n'kudzigwetsa dala. Ine ndinayamba kufunafuna poika mazira. Anadzuka mutu uli ndi chotupa, akuti, 'Mwalephera. Chilichonse chimene chili m'manja mwanu, tayani. Mutu kaye.'"

Anapukuta chigongono chake ndi chikhatho.

"Ndinamufunsa kuti bwanji ukuvutitsa ine, munthu woti mkazi wakoyo sindimufuna. Akuti, 'Kumufuna ndi nkhani yanu. Koma tsiku lina ine kudzakhala kulibe, inu mudzakhala pafupi.'"

"Kwa ine anagona kukhitchini," anatero a Fatima motsitsa. "Pafupi ndi mbaula. Ndinamuthira madzi kuti adzuke, akuti amayi, madzinso ayi."

Tahira sankadziwa zimenezi. Zaka zonsezo ankabwera ku Lirangwe mwamantha, akudziyesa mlendo amene matenda ake ndi chinsinsi chonyansa, osadziwa kuti mwamuna wake anagona pansi m'nyumba imeneyi ndi kugolosale komwe, kuphunzitsa anthu mmodzimmodzi.

Panja a Amadi ankafunsa kuti batire lili kuti, shehe wafika. Mnyamata wina analowetsa mutu, a Fatima n'kumulozera pakona. Analinyamula n'kutuluka nalo. Lajabu sanasunthe.

"Zinatenga mphindi ziwiri ndi theka," anatero. "Hakimu anati ndizikuuzani, a dokotala amafunsa."

"Zikomo, alamu."

"Lajabu, akukuitana pabwalo," anatero a Fatima. "Ndiwe mwini sadaka."

"Adikire. Hakimu anati ndisamachoke mpaka mwini wake anene yekha kuti ndichoke."

Anakhalabe chogwada, nkhope kukhoma, manja pamaondo. Tahira anakokera jekete lija pansi pa tsaya lake, ndipo sanamuuze kuti achoke.